Munthu wotaya magazi musamulole azizidwe

Munthu akavulala n'kumataya magazi, maso a aliyense amene wafika pamalopo amathamangira pabala. M'pomveka, chifukwa balalo ndi limene lingamuphe msanga. Koma pamene tikulimbana ndi bala, thupi la munthuyo limakhala likutaya kutentha, ndipo kutentha kukachepa magazi amaleka kuundana bwino. Ndagwira ntchito ya unamwino kuchipinda cha opaleshoni ndiponso kolandirira anthu ovulala pa ngozi. Chinthu chimene ndimachibwerezabwereza kwa anamwino atsopano, kwa oyendetsa ambulansi ndi kwa aliyense wophunzira chithandizo choyambirira n'chakuti bulangeti ndi chida choletsera magazi, mofanana ndi bandeji.

Zimene kuzizira kumachita m'magazi

M'kati mwa thupi la munthu wathanzi mumatentha pafupifupi madigiri 37 Celsius. Madokotala amati munthu wazizidwa mopitirira muyezo kutenthako kukatsika pansi pa 35, koma kwa munthu wovulala timayamba kuda nkhawa kukangotsika pansi pa 36.

Mtsempha ukang'ambika, umayamba wafinyika kuti magazi odutsa achepe. Kenako mapulateleti, tizidutswa ting'onoting'ono ta maselo timene timayandama m'magazi, amamatirira pong'ambikapo. Amagwirira pa puloteni yotchedwa von Willebrand factor, ndipo akagwira amatulutsa mankhwala monga thromboxane A2 oitana anzawo kuti adzaunjikane pomwepo. Chotsekera chimenechi n'chofewa, sichingalimbe pachokha. Ndiye mapuloteni a m'madzi a magazi amayamba kudzutsana, uyu kudzutsa uyo, mpaka papangike thrombin, amene amasandutsa puloteni ina yotchedwa fibrinogen kukhala ulusi wa fibrin. Ulusiwo umalukana ngati ukonde, n'kumanga mapulateleti ndi maselo ofiira pamodzi. Apo m'pamene timati magazi aundana.

Ntchito yonseyi imayenda bwino pa madigiri 37. Mapuloteni odzutsana aja ndi ma enzyme, kutanthauza mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi, ndipo enzyme ikazizidwa imagwira ntchito mochedwa. Mu 2004, Alisa Wolberg ndi anzake anayesa magazi pa kutentha kosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti pakati pa madigiri 37 ndi 33 amene amayamba kufooka ndi mapulateleti: amalephera kumatirira ndi kuunjikana bwino. Pansi pa 33, ma enzyme nawonso amafooka kwambiri. Tsono munthu akhoza kukhala ndi mapulateleti okwanira ndi mapuloteni onse okwanira, koma magazi ake osaundana.

Zimenezi zimaoneka ndi maso. Dokotala wamanga mitsempha yonse ikuluikulu, palibe pamene pakuthovoka magazi, koma bala silikuuma. Magazi akungotuluka pang'onopang'ono paliponse, m'mbali mwa pochekapo, pa timabowo ta singano yosokera, pamene tinalowetsa kanyula wa diripi, nthawi zina mpaka m'nkhama. Mukapukuta ndi gozi, kansalu ka pabala, pakangopita kamphindi panyowanso. Magazi amene agwera m'mbale akungokhala amadzimadzi, osagwirana. Mukagwira mwendo wa wodwalayo pansi pa nsalu, mukupeza kuti wazizira ndi pamwamba pa ntchafu pomwe. Magazi otuluka chonchi sungawaletse ndi ulusi wosokera, chifukwa palibe mtsempha umodzi woti uumange.

Chosokoneza n'chakuti zotsatira za ku labu zikhoza kubwera zabwinobwino. Poyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, pa mayeso a PT ndi aPTT, makina amayamba atenthetsa magaziwo kufika pa madigiri 37. Ndiye pepala likukuuzani mmene magazi a wodwalayo akanachitira akanakhala kuti iye ndi wofunda, pamene iye wagona pamaso panu ali pa 33. Pepala ndi bala zikatsutsana, khulupirirani bala, ndipo muyezeni kutentha.

Ziwerengero zilipo kwa amene akuona ngati tikukokomeza. Mu 1996, kafukufuku wa ku Vienna wofalitsidwa mu The Lancet anayerekezera odwala opangidwa opaleshoni yoika fupa la m'chiuno lochita kupanga. Amene anazizira kufika cha pa madigiri 35 anataya magazi pafupifupi theka la lita kuposa amene anasungidwa ofunda. Mu 2008, Rajagopalan ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri ndipo anapeza kuti kuzizira kosafika n'komwe digiri imodzi kumawonjezera magazi otayika ndi pafupifupi 16 peresenti, ndiponso mwayi woikidwa magazi ndi pafupifupi 22 peresenti. Kwa ovulala kwambiri zinthu n'zoopsa kuposa apa. Mu 1987, Gregory Jurkovich ndi anzake analemba za odwala ovulala modetsa nkhawa, ndipo pa amene kutentha kwawo kunatsika pansi pa madigiri 32 panalibe anapulumuka. N'zoona kuti amene avulala kwambiri ndi amenenso amazizira kwambiri, kotero kuzizira sikunawaphe kokha. Komabe pa zonse zimene zinawachitikira, kuzizira n'kumene munthu wamba akanatha kukuchepetsa ndi manja ake.

Anthu amadabwa ndikawauza kuti wovulala amazizira ngakhale kunja kukutentha. Kutentha kwa thupi kumachokera ku ntchito ya maselo, ndipo maselo amadalira okosijeni wobwera ndi magazi. Magazi akachepa, okosijeni amachepa, maselo amapanga kutentha kochepa ndi asidi wambiri. Asidiyo nayenso amafooketsa ma enzyme aja. Magazi akalephera kuundana amatayika ambiri, thupi limazizirabe, asidi amachulukabe. Zitatuzi, kuzizira, asidi ndi kusaundana kwa magazi, zimakokerana kumanda. N'chifukwa chake madokotala a opaleshoni ya ovulala anasintha kachitidwe. Njira imene Michael Rotondo ndi anzake anaifotokoza mu 1993 ndi yakuti wodwala wofookeratu samupanga opaleshoni yaitali yokonza zonse. Amangoletsa magazi ndi kutseka matumbo obooka, n'kupita naye kukamufunditsa ndi kumubwezera magazi, ndipo amadzamaliza ntchitoyo thupi likabwerera mwakale.

Pamalo a ngozi

Yambani ndi magazi amene mukuwaona. Dinikizani pabala mwamphamvu ndi nsalu yoyera kapena gozi, ndipo musamachotsechotse kuti muone ngati asiya, chifukwa mukatero mukuchotsa chotsekera chimene changoyamba kupangika. Ngati ndi mkono kapena mwendo umene ukuthovoka magazi osasiya, mangani tourniquet, lamba wothina woletsa magazi kudutsa, chakumtunda kwa bala, mbali ya kuthupi, ndipo lembani nthawi imene mwamanga. Onetsetsani kuti munthuyo akupuma. Zofunditsa zimabwera pambuyo pa zimenezi, koma pambuyo pake pompo, osati mukafika kuchipatala. Mukakhala awiri, wina agwire bala, wina ayambe za kutentha nthawi yomweyo.

Chinthu chimene anthu ambiri amachiphonya ndi pansi. Amathamangira kumufunditsa pamwamba, munthu atagona pa simenti, pa phula kapena pa dothi lonyowa, ndipo pansipo pakumuyamwa kutentha kudzera kumsana konse. Ikani kanthu pakati pa iye ndi pansi: bulangeti lopinda, jekete, makatoni, mphasa, chilichonse chouma ndi chochindikala. Kachitidwe kake n'kotere. Pindani bulangeti m'litali mpaka pakati, muliike pambali pake, mbali yopindayo itagunda thupi. Mmodzi agwire mutu ndi khosi kuti zikhale mzere umodzi ndi msana, ena amutembenuzire chammbali onse pamodzi, mukankhire mbali yopindayo pansi pa msana, mumubweze, kenako mukoke bulangetilo mbali inayo n'kuliyala. Zimatenga masekondi ochepa chabe. Mukamutembenuza chonchi, yang'anani kumsanako ngati kuli bala lina limene simunalione. Ngati mukukayikira kuti msana kapena khosi zathyoka ndipo muli nokha, musamutembenuze. Lowetsani nsalu m'mipata imene ilipo, pansi pa mawondo ndi m'mbali mwa thupi, mudikire okuthandizani.

Zovala zonyowa zichoke. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo magazi, thukuta ndi mkodzo n'zonyowetsa mofanana ndi mvula. Musalimbane n'kumuvula monga mwa masiku onse, dulani zovalazo ndi sizasi, mumupukute, mumufunditse. Ngati palibe chouma chilichonse choti mumufunditse, musamusiye maliseche pamphepo. Finyani madzi amene mungathe, mumukulunge ndi pepala la pulasitiki pamwamba pa zovalazo kuti zisamaume ndi mphepo zili pathupi, chifukwa kuumako n'kumene kumamuziziritsa kwambiri.

Pofufuza mabala, tsegulani mbali imodzi ya thupi, muione, muifunditse, kenako mutsegule ina. Sindigwirizana nacho chizolowezi chovula munthu yense n'kumusiya choncho kwa mphindi zambiri pamene anthu akukambirana zochita. Kuona thupi lonse n'kofunika, koma sikufuna kuti lonse likhale pamtunda nthawi imodzi.

Mufunditseni thupi lonse, mutu ndi khosi zomwe, kusiya nkhope. Mabulangeti akhale m'kati, ndipo kunja kwake mukulunge chinthu chotchinga mphepo. Mapepala onyezimira amene amapezeka m'mabokosi a chithandizo choyambirira amathandiza kutchinga mphepo ndi kubweza kutentha kotuluka m'thupi, koma ndi opyapyala kwambiri moti satchinjiriza kuzizira kwa pansi, ndipo iwowo sapanga kutentha. Agwiritseni ntchito limodzi ndi bulangeti. Pofunditsapo konzani kuti bala muzitha kulifikira msanga, ndipo muziyang'ana bandeji pafupipafupi. Bulangeti lochindikala likhoza kumwa magazi ambiri inu osadziwa kuti bala layambiranso.

Ponyamula, tsekani mawindo ndipo yatsani hita ya galimoto, ngakhale inuyo mutuluke thukuta. Machira achitsulo ndi pansi pa galimoto n'pozizira, pafunikanso choyala. Ngati galimoto yomwe yapezeka ndi yosatseka kumbuyo, mugonekeni pafupi ndi kutsogolo kumene mphepo imachepa, mumukulunge bwinobwino, ndipo wina akhale pambali pake kumutchingira.

Pali zina zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimapweteka. Mowa musamupatse: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva ngati wafunda pamene kutentha kwa m'kati kukutuluka. Chakumwa chotentha chimathandiza munthu wongozizidwa amene ali maso bwinobwino, koma wovulala amene akutaya magazi mwina akupita ku opaleshoni, ndipo za m'mimba zikhoza kulowa m'mapapo akamagonetsedwa ndi mankhwala. Musamutikite manja ndi miyendo. Botolo la madzi otentha musaligunditse pakhungu, chifukwa khungu la munthu amene magazi ake achepa limapsa msanga ndipo iye sangamve. Likulungeni m'nsalu, muliike m'khwapa kapena pambali pa chifuwa, ndipo muziona khungulo. Musamusendeze pafupi ndi moto.

Kunjenjemera musakudalire ngati chizindikiro. Munthu wozizidwa amanjenjemera poyamba, koma kutentha kukatsika kwambiri amasiya, ndipo wotaya magazi ambiri, woledzera kapena wovulala mutu akhoza kusanjenjemera n'komwe. Ana aang'ono, okalamba ndi anthu amene apsa ndi moto amazizira mofulumira kuposa ena onse. Musadikire kuti munthu adandaule. Aliyense wotaya magazi ambiri mutengeni kuti akuzizira.

Wina adzafunsa kuti nanga bwanji timaika ayezi pamalo otupa. Ayezi pa bondo lobinya amafinya timitsempha ta pamalo ang'ono amenewo, ndipo kutentha kwa m'kati mwa thupi sikusintha. Zimenezo n'zosiyana ndi thupi lonse kuzizira. Pabala lalikulu lotuluka magazi chimene chimagwira ntchito ndi kudinikiza, ndipo ayezi alibe malo pamenepo.

Kuchipatala

Apa ndikulankhula ndi anzanga a ntchito. Yezani kutentha wodwala akangofika, mulembe pamodzi ndi BP ndi kugunda kwa mtima, ndipo muzibwereza. Choyezera cha m'khwapa kapena cha pamphumi chimasokoneza kwa munthu amene mitsempha yake ya pakhungu yafinyika, ndipo zoyezera zina siziwerenga kutentha kotsika kwambiri. Kwa wodwala wofooka, yezerani m'kati mwa thupi ngati zipangizo zilipo, kum'mero, m'chikhodzodzo kapena kotulukira chimbudzi.

Timaziziritsa odwala tokha ndi zimene timawathira m'mitsempha. Lita imodzi ya madzi a diripi amene angokhala m'chipinda imatsitsa kutentha kwa thupi la munthu wamkulu ndi pafupifupi madigiri 0.25. Paketi imodzi ya magazi ochokera mufiriji, kumene amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 6, imachitanso chimodzimodzi. Werengani malita ndi mapaketi amene munthu wotaya magazi kwambiri amalandira mu ola limodzi, muona kumene madigiri ake akupita. Pamwamba pa apo madzi a diripi ambiri amasukulutsa mapulateleti ndi mapuloteni oundanitsa magazi. Choncho madziwo akhale ofunditsidwa, ndipo asachuluke kuposa mmene akufunikira pamene magazi akubwera.

Magazi oikidwa mothamanga adutse mu makina otenthetsera magazi. Apa pafunika kusamala kwambiri. Paketi ya magazi musaiviike m'beseni la madzi otentha, musaiike mu microwave kapena pa hita, chifukwa kutentha kopitirira muyezo kumaswa maselo ofiira, ndipo magazi oterowo akhoza kuwononga impso kapena kupha wodwala. Ngati makinawo palibe, limbikirani kufunditsa wodwalayo. Paketi imodzi yoyenda pang'onopang'ono kwa wodwala wokhazikika sifunika kutenthetsa.

Kumbukiraninso kashiyamu, mchere wa m'magazi umene umafunika kuti magaziwo aundane. M'paketi ya magazi muli mankhwala a citrate amene amagwira kashiyamu kuti magaziwo asaundane ali m'paketi. Chiwindi cha munthu wofunda chimachotsa citrate ameneyu mofulumira, koma chiwindi chozizira ndi chosowa magazi chimachedwa. Kashiyamu akachepa, magazi saundana ndipo mtima umafooka. Wodwala amene walandira mapaketi angapo motsatizana ayezedwe kashiyamu, ndipo dokotala auzidwe msanga. Mankhwala a tranexamic acid ndi othandiza, ndipo kafukufuku wa CRASH-2 wa mu 2010 anasonyeza kuti amachepetsa imfa kwa ovulala, makamaka akaperekedwa maola atatu asanathe. Koma ntchito yake ndi kuteteza magazi oundana kuti asasungunuke msanga. Ngati thupi lazizira moti silikuundanitsa magazi n'komwe, mankhwalawo amakhala ndi zochepa zoteteza.

Kuchipinda cha opaleshoni mdani wina ndi mankhwala ogonetsa. Amatsegula mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo, kutentha kwa m'kati n'kumwazikira kunja, ndipo mu ola loyamba lokha kutentha kwa m'kati kumatsika ndi digiri imodzi kapena imodzi ndi theka. Jekeseni wa pamsana wochititsa dzanzi amachitanso zofanana, ndipo wodwalayo akhoza kunena kuti sakumva kuzizira pamene choyezera chikusonyeza kuti wazizira. Chothandiza kwambiri ndi kumufunditsa asanagonetsedwe, kuti manja ndi miyendo zikhale zofunda kale. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain, amene anatuluka mu 2008, amanena kuti wodwala wa opaleshoni yokonzekera asagonetsedwe kutentha kwake kusanafike madigiri 36, kuti aziyezedwa mphindi 30 zilizonse opaleshoni ili m'kati, kuti chipinda chikhale pa madigiri 21 kapena kuposa pamene wodwala ali wosafunda, ndiponso kuti madzi a diripi okwana mamililita 500 kapena kuposerapo afunditsidwe kufika pa 37. Bulangeti lopopera mpweya wofunda ndi limene limagwira ntchito bwino kwambiri. Madzi otsukira m'mimba akhale ofunda. Ndikudziwa kuti dokotala wovala gauni pansi pa magetsi amamva kutentha ndipo amafuna makina oziziritsa mpweya, koma pa wodwala amene akutaya magazi ine ndimalankhula, mwaulemu, ndipo ndimatchula nambala imene choyezera chikusonyeza. Nambala imamveka kuposa dandaulo.

Amayi otaya magazi atabereka ali pangozi yomweyi, ndipo mwina amaiwalika kwambiri. Mayi wagona pa pulasitiki ya bedi, pansi pake pali madzi ndi magazi, miyendo ndi mimba zili pamtunda, diripi ikuthamanga m'mikono yonse iwiri, anamwino ali kalikiliki ndi chiberekero. Pamenepo pafunika munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuchotsa nsalu zonyowa pansi pake, kuyala zouma, kufunditsa chifuwa, mapewa ndi mutu, ndi kuyeza kutentha. Ntchito imeneyi wophunzira kapena wothandizira odwala akhoza kuigwira, bola wina amuuze mwachindunji kuti ndi yake.

Inu amene mukudikira opaleshoni, kapena mukudikirira m'bale wanu, muli ndi mbali yanu. Mukamva kuzizira muuzeni namwino, musapirire poganiza kuti mukuvutitsa. Pemphani bulangeti lowonjezera podikira, ndipo pitani nalo mpaka pakhomo la chipinda cha opaleshoni.

Kubwezeretsa kutentha kumene kwatayika kumatenga maola, pamene kukutaya kumatenga mphindi. N'chifukwa chake malo amene ndimawayang'anitsitsa kwambiri ndi apakati, pamene wodwala akuchoka m'manja mwa ena kupita m'manja mwa ena: potsika mu ambulansi, m'khonde podikira, pa tebulo la X-ray, m'chipinda cha sikani chimene chimasungidwa chozizira chifukwa cha makina. Bulangeti limachotsedwa kuti ajambulidwe, ndipo palibe amene amakumbukira kulibwezera. Musananyamuke naye mukulungeni, onani kuti pansi pake ndi pouma, ndipo akabwerako muyezeninso. Pomupereka kwa anzanu, nenani kutentha kwake komaliza, nthawi imene munayeza, ndi madzi kapena magazi amene walandira osafunditsidwa.